Tizala ta Buluu

Magetsi a ku Mabvuku amabwera ngati mwamuna woledzera,
leveni koloko usiku, osagogoda.
Ndimadzuka, kutchaja foni, kusita yunifomu,
kenako kulemba, nditakhala pa chigubu cha madzi
chifukwa netiweki imakonda ngodya imeneyo.

Mlangizi wanga ndi Shingirai, mwana wa mlongo wanga,
ndevu sizinamere n'komwe.
Akuti, Azakhali, masiku ano dzina la munthu ndi sitolo,
mumasesa pakhomo m'mawa uliwonse.
Ikani nkhope. Sekani, mano aoneke.
Muziponya seveni koloko, anthu akadali mu kombi,
asanatsike pa Copacabana.
Nanga chilankhulo chanuchi, Azakhali,
amachiwerenga ndani mu Harare muno?

Ndinamvera.
Ndinakaima pansi pa jakaranda ku ma Avenues
nditabwereka jekete ya Sisita Nyamadzawo,
m'manja buku loti sindinaliwerengepo.
Tizala ta buluu tinagwa ngati ngumbi, mazana atatu.
Wina anafunsa kumene ndinalukitsa tsitsi.
Wina wa ku Joni anandifunsira mbeta.

Mawa lake ndinaika ndakatulo ya abambo anga,
amene anaphika zaka makumi atatu m'khitchini ya ku Highlands,
bwana akuwaitana Jimu
pomwe dzina lawo linali Kachingwe,
amene anafa sutikesi ili yomangamanga pansi pa bedi,
akuti chaka cha mawa tikwera basi ya ku Dedza.
Tizala tisanu ndi tinayi.
Kamodzi kanali kanga.

Bandulo ya sabata imadya ndalama ya buledi.
Kuntchito, pokolopa wodi ya amayi,
ndimazemba kukawerenga onditsata m'chimbudzi:
mazana anayi ndi khumi ndi awiri.
Pofika madzulo wina wachokapo.
Ndani? Ndamulakwira chiyani?
Ndinayamba kudula mizere kuti ikwane pa galasi la foni
ngati telala wodula miyendo ya mwana
kuti ikwane buluku.

Lachinayi lina kunabwera uthenga wa mawu,
mphindi zinayi, nambala yachilendo.
Poyamba chifuwa chokhachokha, ndi tambala chapatali.
Kenako:
Ndine Sandalamu, wa ku Mufakose.
Maso anatha kalekale.
Wandiwerengera ndi mdzukulu,
akupunthwa pa liwu lililonse ngati woyenda pa lunguzi wa mseu watsopano,
koma ndamva.
Mayi, mwalakwitsa pamodzi.
Mwalemba kuti bambo anu anafa.
Imafa ndi mbuzi. Munthu wamkulu amatisiya.
Anakhosomolanso.
Nanenso sutikesi yanga ili pansi pa bedi,
ndinamanga ndisanakwatire.
Mulembe ina. Koma muitalikitseko,
mwanayu lilime lake liwongoke.

Kachala sanaike.
Sadziwa n'komwe pamene kamakhala.
Shingirai anamvetsera mpaka theka, n'kubweza foni:
Zimenezi makina sawerengera, Azakhali,
muwauze mdzukuluyo azigawira anzake.

Ine ndinaumvera kasanu uthengawo,
kawiri mu kombi, foni nditaikanikiza kukhutu,
kondakitala akukuwa za chenji,
mayi wa pambali panga akundiyang'ana
poganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro.

Lero magetsi achedwa, abwera cha m'ma thwelofu.
Ndabwerera ku ndakatulo ija, ndafufuta liwu limodzi.
Abambo anga tsopano anatisiya.
Yatsopanoyi yatalika, yasefukira pansi pa galasi,
woifuna adzachita kutsetsereka ndi chala mpaka atope.
Mulibe nkhope yanga.
Muli sitima, muli chitupa, muli dzina la Jimu
likuvulidwa ngati epuloni pa geti.

Onditsata atsala mazana anayi ndi asanu ndi anayi.
Ndiponya seveni koloko, monga ananenera Shingirai,
kuti mwana wa ku Mufakose aipeze asanapite kusukulu.
Simbi yatentha.
Kolala ya yunifomu ndaiwaula pang'ono.