Nyambo ya Mfumu ku Kutaisi

Mu holo ya anthu a njanji ku Kutaisi
mawindo achita nkhungu ndi mpweya wathu.
Matebulo makumi atatu, onse zii,
mawotchi okha akudya nthawi ngati chiswe.
Ine Revaz, imvi mbuu, chikhoti pamapewa.
Patsogolo panga Tekla Abuladze,
kamtsikana koti miyendo siifika pansi,
kakusenda nachesi ndi chala chachikulu.

Zoyera ndi zanga.
Msilikali wa pamaso pa mfumu ndamukankha mabwalo awiri.
Iko kayankha chimodzimodzi, osaphethira.
Ndatuma mnzake wa kumbali
kuti akaime pakamwa pa mdani
popanda womuteteza.
Imeneyi ndiyo nyambo ya mfumu.
Anandiphunzitsa mkulu wanga Shalva
pa bokosi la masipanala, kuseri kwa injini,
manja ali bii ndi girizi.
Ankati kupatsa n'kuika.

Kamwanako kadya nyambo. Go! pa wotchi.
Bishopu wanga watuluka,
mfumukazi yake yatulukira kumphepete
n'kuloza mfumu yanga chala,
ndipo mfumu yanga yasendera bwalo limodzi
ngati munthu wogona m'nyumba yopanda chitseko.
Zonsezi kanaloweza pa kompyuta.
Ine ndikamaganiza, iko kakuyang'ana kudenga.

Pa kuyenda kwachisanu ndi chinayi ndaiwala.
Kodi Shalva ankati kavaloyu apite kuti?
Manda sayankha.
Ndangomuika pomwe dzanja lafuna.

Apo nachesi yaikidwa pambali.
Zibakera m'masaya, maso tong'o pa kavalo,
mphindi makumi anayi
miyendo ija yasiya kugwedera.
Bambo ake pakhomo akupotokola chipewa.
Ine mtima ukugunda ngati sitima pa mlatho wa Rioni.

Tamenyana maola anayi.
Nsanja zagwa, mafumukazi tasinthana,
bolodi yatsala mbee ngati siteshoni usiku.
Ndawerenga asilikali: ake atatu, anga awiri.
Uja ndinapereka masana
ndiye wasowa madzulo ano.
Ndaimitsa wotchi, ndapereka dzanja.

Iko sikanadzuke.
Kakubwezera zidutswa m'malo mwake, chimodzichimodzi,
mpaka pa kuyenda kwachisanu ndi chinayi.
“Kavalo uyu munamuwerenga m'buku liti?”
Kandikankhira theka la nachesi, lofunda ndi dzanja.

Kunja chipale chayamba kugwa,
basi yomaliza yopita kwathu yaliza hutala.
Ndavula chikhoti,
ndakokera mpando pafupi.