Mfundo pa Ulusi

Chala changa cha mphete chayamba mwano.
M'mawa zinzake zinayi zimatambasuka
ngati ana omvera belu,
icho chili gwadee m'chikhatho,
sichifuna kudzuka.
Ndikachinyengerera ndi dzanja lamanzere
chimati thapu!
ngati batani lothothoka pamimba pa munthu wokhuta,
ululu n'kuyenderera m'dzanja monse.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
pakhonde la golosale ya a Ngozo pano pa Lizulu,
sizasi ili m'dzanja lomweli:
mayunifolomu a ana, madiresi a aperekezi,
mathalauza a anyamata a kabaza operepeseka kumbuyo.
Makina ndimawathira mafuta Loweruka lililonse.
Chala sindinachifunsepo ngati chatopa.

Tsiku la msika, mayi wina wa kabichi
anatambasula dzanja kudikira chenji chake,
chala changa n'kupana ndalama, osaitaya.
"Atelala, umbombo wafika m'mafupa kodi?"
Khonde lonse linafa nalo phwete.
Ndinaseka nawo.
Usiku ndinawerenga malata a denga mpaka tambala.

Kuchipatala cha pa boma ku Ntcheu
ndinapeza dokotala wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri,
Sitelia Kalonjere, dzina lili pachifuwa.
Anadina m'chikhatho, patsinde pa chala,
napeza kotupa ngati njere ya khobwe.
"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"
Nditamuuza, anamwetulira: "Ndiye simuvuta.
Mtsempha wopinda chala ndi ulusi,
umadutsa pa diso la singano.
Wanuwu wamanga mfundo.
Mukakoka ikodwa, mukakakamiza idumpha."
Ine amene ndalumiza mano pa mfundo moyo wanga wonse
sindinadziwe kuti ina ndikuisunga m'dzanja.

Anandiyeza shuga, poti matendawa amakondana.
Magazi anandiikira umboni wabwino.
Kenako analemba:
kathabwa komangira chala usiku, milungu isanu ndi umodzi;
madzi ofunda m'mawa, kuchiwongola pang'onopang'ono
osati mokalipa;
mapiritsi a kutupa, pamimba pali kanthu.
"Zikakanika, jakisoni pomwepa.
Nayenso akalephera tidzakulitsa diso la singano,
kampeni kakang'ono, mubwerera tsiku lomwelo.
Koma choyamba, sizasi ipume."

Mawu omalizawo ndiwo anawawa kuposa chala.

Ndinapereka sizasi kwa Feluzi, mwana wa mlongo wanga.
Amadula ngati akutsata njira ya mbuzi.
Ndimaluma lilime, ndimayang'ana magalimoto a ku Lilongwe
akupakira tomato,
ndimangopalasa makina ndi mapazi.

Usiku Nangondo amaseka mu bulangeti:
"Mwagona chala chili njo,
mukulumbira mlandu wanji?"
Komabe ndi iye amene amadzuka chisanu cha Juni
kunditenthetsera madzi m'kabeseni,
dzanja langa n'kumira mmenemo
ngati nsalu youma yofuna kufewa.

Milungu inatha. Chinachepetsa mwano, osausiya.
Ndinabwerera. Jakisoni analowa ngati mavu,
ine amene ndabaya nsalu za mudzi wonse
ndinatsinzina ngati mwana wa ku sikelo.

Lachinayi lina, nkhungu itameza phiri,
ndinadzuka n'kuyasamula,
dzanja n'kutseguka lokha, zala zisanu,
popanda thapu.
Ndinafumbata, ndinafumbatula, kasanu konse,
ndisanadzutse munthu.

Tsopano zogwirira za sizasi ndazikulunga
ndi nsanza za chitenje chobiriwira.
Ola likatha ndimaima,
kuyala chikhatho pathebulo monga ndikusita kolala.
Zokhuthala amadula Feluzi; mzere wake wayamba kuwongoka.
Kathabwa sindinataye, kali m'kabati ya mabatani,
poti dokotala anati mfundo nthawi zina imabwerera.

Dzulo mayi wa kabichi uja anabweretsa siketi.
Chenji ndinamuyalira m'dzanja lotambasuka,
iye n'kuwerenga kawiri.