Tochi ya ku Garaja Nambala 41

Ku Kaunas dzuwa la Januwale limalowa
anthu asanaweruke.
Ndikachoka kusukulu ndimalunjika ku garaja nambala 41,
kumene miyendo ya atate imatulukira pachitseko cha Volvo
ngati galimotoyo inawameza n'kulephera kumaliza.

"Gintė, unika apa. Ayi, apa.
Ukuunika mphuno yanga."
Ntchito yanga ndi tochi.

Wailesi anaizula mu Novembala.
Pamalo pake panatsala chibowo,
kamwa la munthu woguluka mano,
mawaya ofiira, achikasu, akuda ali lendelende.
Iwo amawadziwa onse ndi maina
kuposa momwe amadziwira asuweni anga.

Kompyutayo sanagule. Anachita kutolera:
kabolodi konga chikhatho, kotsala mu ofesi ina itatsekedwa,
fani ya m'makina akufa,
galasi lomvera chala lochokera ku Shenzhen
lomwe linagona milungu isanu ndi iwiri m'njira.
Nyumba yake anadula chitini cha mabisiketi,
nkhope ya mphaka ikadali pachivundikiro.

Fungo la mtovu wosungunuka linakakamira m'majuzi athu.
Amayi anati, "Rimgaudas, foni yako ili ndi mapu,
ili ndi nyimbo, chasowa n'chiyani?"
Atate anati, "Foniyo ndinapanga ine?"
Nkhani inathera pomwepo. Supu inazirala.

Usiku woyamba inayaka.
Atapotoza kiyi, injini inakoka magetsi onse, iyo thi!
Anaiikira kachipangizo kosunga mphamvu.
Usiku wachiwiri inayaka osazima,
osazima ndithu mpaka mbandakucha,
kuyamwa batire ngati nkhupakupa.
M'mawa ine, amayi ndi bambo Šarūnas a pa 42
tinali kukankha Volvo m'chipale chofewa,
atate ali pachiwongolero, osayang'ana munthu.

Mafyuzi anapsa asanu.
Ndinawasunga m'bokosi la machesi, sindidziwa chifukwa.
Kenako chisanu chinatsika madigiri makumi awiri pansi pa ziro,
kompyuta inakana kudzuka,
atate n'kuifunditsa sikafu ya amayi
osapempha.

Lachisanu lina anangoti, "Kwera."
Tinatsetsereka ku Žaliakalnis,
matayala akutafuna madzi oundana.
Galasi linawala: liwiro, kutentha kwa injini,
mafuta otsala, zonse m'manambala obiriwira,
ndi kadontho kofiira pamapu.
"Ndife amenewo," anatero,
mawu akunjenjemera pang'ono.

Titakwera mlatho wa Aleksotas
kadontho kanaterereka,
kanagwera mu Nemunas,
kanayamba kupita ndi madzi.
"Atate, tamira."
Anayang'ana galasi, anayang'ana phula kutsogolo,
anaseka mpaka kutsokomola.
"Kamlongoti ndinakabisa pansi pa chitsulo.
Sikakuona kumwamba."

Sitinabwerere.
Tinayenda chomira choncho mpaka ku Garliava,
nyimbo za unyamata wawo zikutuluka m'chitini cha mabisiketi,
fani ikulira pansi pa mpando wanga ngati udzudzu,
atate akuimba molakwitsa mawu,
dzanja limodzi likusisita mapulasitiki
omwe anawapala okha ndi tupa.
Pachala chawo chachikulu panali chipsera cha mtovu
chomwe ndinali ndisanachione,
ine mwini tochi.

Titabwerera ku garaja anazimitsa injini,
n'kukweza chala: "Dikira."
Tinawerenga chamumtima.
Khumi. Makumi awiri.
Mpweya wathu ukuchita nthunzi pazenera.
Pa makumi atatu galasi linatsinzina lokha
monga anailangizira,
fani inazungulira komaliza, zii.

Mumdimamo ndinawamva akutulutsa mpweya
womwe ndikuganiza anausunga kuyambira Novembala.
Ndinayembekeza kuti anena chachikulu.
Anafufuza m'thumba la jekete, makiyi akuchita phokoso.
"Mawa ubwere ndi mabatire a tochi," anatero.
"Kamlongoti tikakweze padenga.
Ndipo sikafuyo, amayi ako asamve."