Pakhomo Panali Posesa

Mwezi unanditsanzika kalekale.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndathira mchere m'ndiwo ndi dzanja langa,
osaitana mwana wa eni kuti andithirire.
Nsanza zija ndinazitentha kuseri kwa khola.

Ndiye tsiku la msika pa Lizulu,
nkhungu isanachoke pamsewu,
ndikudzuka pathumba la kachewere kuti ndibweze chenji,
Nangozo anandikoka chitenje:
"Tembenuzani, chada kumbuyoku."
Kadontho chabe,
ngati wina waphwanyirapo nsikidzi.

Tinaseka.
Akuti ndabwerera ku utsikana,
akuti aNdau ayambe kusunga ya matewera.
Kadontho kanapita. Kanabweranso ndi timadzi totuwa.
Miyezi itatu ndinkachapa usiku,
kuyanika m'nyumba,
ndikudziuza kuti chaka chatha anandiyeza ndi viniga uja
ndipo anati khomo la chiberekero lili bwino.

Namwino wa pachipatala cha Ntcheu,
wamng'ono kuposa mwana wanga mmodzi yekhayo,
anaika cholembera pansi.
"Pakhomo panali posesa, amayi, n'zoona.
Koma viniga saona kuchipinda.
Ilipo khansa ina yomera mkati,
pakhoma pamene mwana amatsamira asanabadwe.
Imakonda amene anasiya kusamba.
Magazi obwera mwezi utatsanzika,
ngakhale kadontho,
sasekera pamsika."

Anafunsa za shuga.
Ndinati mapiritsi ndimamwa ndikakumbukira.
Anandikweza pasikelo,
ine amene ndimakangana ndi masikelo a mavenda,
apa ndinangoti chete.
Thupi lomwe lija ankanditamanda nalo,
"geni ikuyenda, Najere, mwasalala!"
akuti mafuta ake amathirirabe khoma lija
ngati dimba limene palibe wokolola.

Anafunsa za kumtundu.
Ndinakumbuka azakhali anga a ku Tsangano
amene anatha ngati kandulo, akugwira pachinena,
ife n'kumaloza chala mnansi wolimbirana naye malire.
Mpaka lero sitipatsana moni ndi ana ake.

"Sikuti munalakwa," anatero namwino,
"imagwira ndi owonda omwe.
Kungoti pali zina zimene tingaimane nazo madzi."

Sikani. Kachidutswa m'kabotolo.
Masabata odikira, amene kachewere wanga anamerera m'thumba.
Kenako Lilongwe, bedi la pafupi ndi zenera,
aNdau atagona pakhonde, jekete kumutu.
Anachotsa chiberekero chonse.
Dokotala anati mlendo anali asanatuluke m'chipinda;
tikanachedwa, akanayenda nyumba yonse.

Ndinalira, osati ndi ululu.
Kanyumba kaja kanagonamo munthu mmodzi yekha
koma kanali kanga.

Tsopano wa kabaza amandiimbira belu, ine ndimakana.
Ndimakwera chitunda ndi miyendo yangayi,
kupuma pa mtengo wa pichesi, kupumanso patchalitchi.
Tiyi wa masupuni atatu anatsika, watsala ndi theka,
akuwawabe, sindinama.
Chiwaya cha tchipisi ndimachidutsa ngati wangongole.
Mpiru, nyemba, kabichi amene ndinkangogulitsa,
lero ndimasiyako wa kunyumba.
Mapiritsi a shuga ali pafupi ndi machesi,
poti moto sindiiwala kukoleza.
Tsiku la sikelo ndi loonana ndi dokotala
mdzukulu anandilembera pachitseko ndi choko.

Dzana Nangozo anasendera pafupi,
maso ali pa tomato.
"Akulu anga a ku Mlangeni," anatero, "nawonso...
koma ndi kadontho chabe."
Kunali ogula atatu patsogolo panga.
Ndinamanga thumba pakamwa.
Ndinamasula mfundo ya pachitenje,
n'kumuwerengera ya minibasi, yopita ndi yobwera.

"Mawa," anatero.
Ndinati ayi.
Dzuwa likadali pa Chirobwe.