Manambala Akunjenjemera

Lolemba m'mawa ku Msekera
manambala anayamba kunjenjemera.
Khadi lobiriwira lija m'mimba mwa kompyuta,
lomwe latiuza zoona zaka zitatu
za kutentha kwa nshawa za mbewu m'chipinda chosungira,
lero likuti makumi awiri ndi zinayi,
kuphethira kamodzi, makumi atatu,
kuphethiranso, latsika mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
ngati mboni yogulidwa ndi mbali zonse ziwiri.

Ndinapisa dzanja m'thumba.
Nshawa zinali phee,
zosadziwa kuti zikunamiziridwa malungo.

A Shanzi anaima pakhomo, makiyi a galimoto kumanja:
"Lipoti ndi Lachisanu, Yotamu.
Ku Lusaka samva za kunjenjemera."

Ndinayamba ndi waya,
pakuti waya ndi mwana wamasiye,
mlandu uliwonse umayambira pa iye.
Ndinamasula, ndinapala dzimbiri ndi lezala,
ndinamanganso. Manambala ali pa gule.
Ndinachotsa waya pakhomo loyamba la khadi
n'kuika pa lachisanu.
Gule anasamuka naye.
Ndinazima foni, ndinazima filiji ya mankhwala,
ndinakalipira ngakhale wailesi ya mlonda
yomwe inkangoulutsa mauthenga a maliro.

Lachiwiri ndinatsika panjinga ku Kapata,
ndinagula mtovu wowotcherera kwa Mabvuto wa mawailesi,
utsi wake unandiliza misozi mpaka madzulo.
Ndinabwereka khadi lina kwa mnzanga wa kukoleji.
Nalonso linafika n'kulowa m'bwalo,
kuvina nyimbo yomweyo.
Pamenepo ndinapepesa khadi langa, mokweza,
ndili ndekha.

Lachitatu usiku malaiti anapita.
Tawuni yonse inazimirira pansi pa Kanjala,
kompyuta inatsala ikupuma pa batire,
ndipo manambala anagona tulo:
makumi awiri ndi zinayi,
makumi awiri ndi zinayi.
Malaiti kubwera, gule kudzuka.

Ndinagwira tochi pakamwa
n'kutsata waya wobiriwira, uja wopita m'nthaka,
kuseri kwa kabati, kubowo la khoma,
mpaka kunja kumene sindinapondeko chaka chino.
Ndodo ya mkuwa inali chilili
m'dothi la Okutobala, long'aluka ngati chidendene,
ndikaigwedeza inkavomera mbali zonse.
Phokoso la magetsi linkafika apa, n'kugogoda,
nthaka osatsegula,
ndiye linkabwerera kukasokosa m'khadi.

Koma zaka zitatu zonsezi?
Okutobala sanabadwe lero.

Kenako ndinaona pakhoma
chizindikiro chofiirira, chokhota ngati uta,
pomwe madzi ankamenya m'mawa uliwonse.
Amai Tikambenji.
Akatha kukolopa ankatulukira khomo lakumbuyo
n'kukhuthula chidebe pompano, osayang'ana,
akung'ung'udza nyimbo ya chigwirizano.
Ndalama za wokolopa zinatha mu Ogasiti.
Tinawasonkhera chitenje ndi shuga,
anakwera basi ya ku Katete,
ife n'kumasesa tokha, tikakumbukira.

Chidebe chawo ndinachipeza m'chimbudzi,
chogwirira chake chomangidwa ndi lekeni.
Ndinakumba mozungulira ndodo,
ndinathira makala ndi mchere wa mlonda,
madzi zidebe zinayi,
dothi likumeza mochita kulira.
Ndinathamangira m'kati, matope mpaka m'maondo.

Makumi awiri ndi zinayi.
Ndinadikira ola lathunthu, filiji ili ngwee, foni yoyaka.
Makumi awiri ndi zinayi.

Lachisanu fomu inandifunsa:
Chinawonongeka n'chiyani? Mwasintha chipangizo chanji?
Mtengo wake?
Ndinalemba kuti waya wa m'nthaka sunkagwira bwino.
A Shanzi anasaina ataimirira.

Mvula ikali kutali, mitambo ikungodutsa kupita ku Mchinji.
Tsopano m'mawa, ndisanayatse kompyuta,
ndimazungulira kuseri ndi chidebe chija.
Mlonda amandiseka, akuti ndikuthirira chitsulo kuti chiphuke.
Nambala ya foni ya Amai Tikambenji
palibe amene anaisunga.