Mafilimu a Magalimoto kwa Yotamu

Kuseri kwa msika wa Kapata,
m'chisakasa cha malata chopanda zenera,
Yotamu Shawa ankatolera makobidi pakhomo,
ndipo ife ana a sipanala, zikhadabo zakuda ndi girisi,
tinkalanda benchi lakutsogolo
ngati oweruza milandu.

Yoipitsitsa inali ya galimoto yofiira ija
imene inalumpha mlatho wothyoka n'kutera tsidya lina,
sipuling'i osaduka, tayala osaphulika,
mwini wake tsitsi lili see ngati akupita kukafunsira mbeta.
Ndinaimirira n'kukuwa kuti, bodza!
Bwera nayo kuno, mphwanga,
uiyese msewu wa ku Chadiza mwezi wa Febuluwale,
tione ngati sudzabwerera pa ngolo ya ng'ombe.
Yotamu anandibwezera kobidi langa
n'kundionetsa khomo.

Ina tinawerenga magiya, ine ndi Gelesomu.
Munthu akusintha, akusinthanso, akusinthabe,
msewu uli tambalale, wopanda ndi chitunda chomwe.
Tinalekera pa khumi ndi asanu ndi atatu.
Mafuta osatha, mabuleki osanunkha,
palibe mbuzi yodutsa, palibe njinga yonyamula makala,
palibe wapolisi wotukula dzanja dzuwa lili paliwombo.
Dziko lotere lili kuti? anafunsa Gelesomu,
ndikayendetse kumeneko.

Yabwino inabwera Lachiwiri lina, anthu ali ochepa.
Yakalekale, tepi yake yodumphadumpha,
mawu ake a chilankhulo chimene palibe anachimva.
Mpikisano wa usiku wonse, mvula ili pweee.
Galimoto ya ngwazi inafera panjira
ndipo makaniko wadazi anagona chagada m'matope,
tochi ataluma ndi mano.
Kamera inakakamira pa manja ake.
Inakhala pamenepo, osachoka,
zala zikufunafuna nati mumdima
monga mmene lilime lifunira dzino lobooka.
Anyamata anayamba kutuluka akutukwana.
Ine ndinamva fungo la oyilo wotentha
m'chisakasa chonunkha thukuta ndi chimanga chootcha.
Injini inakhosomola kawiri, n'kudzuka.
Anafika wachisanu ndi chiwiri.
Wadaziyo sanamuombere m'manja,
anangopukuta zala pa thalauza,
ndipo ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndalandira malipiro.

Chisakasa chija lero amagulitsiramo simenti.
Yotamu maso anachita khungu, amakhala ku Mchini kwa mwana wake.

Koma ilipo filimu imodzi imene ndalephera kuiika pamzere.
Ili m'foni yanga yosweka galasi.
Gelesomu anaijambula yekha, atapeza basi ya ku Lusaka,
foni ataitsamiritsa pa dashibodi,
akutsika mapiri opita ku Luangwa mbandakucha.
Mulibe nyimbo. Muli injini, ndi mwana akulira kumbuyo,
ndi mayi wina akuti, adalaivala, tili ndi ana kunyumba.
Iye akuseka, akupitirira basi inzake pokhota,
akuti, Lazalo, taona giya ya khumi ndi chisanu ndi chinayi!
Masekondi makumi anayi, basi.
Tsiku limenelo anafika bwino,
anandigulira nthochi pa Nyimba pobwerera.

Linali tsiku lina, patapita miyezi inayi,
lopanda wojambula.

Basiyo anaibweretsa pa lole.
Ili kuseri kwa galaja yanga, udzu wamera m'mawilo,
nkhuku ya Tikambenji imaikira pa mpando wa dalaivala.
Ndikasowa bawuti ndimakamasula pamenepo,
ndipo ndimapepesa.

Ana a masiku ano amabwera ndi mafoni awo,
amati, amdala, taonani iyi, galimoto ikuuluka.
Ndimaona. Ndimawerenga magiya chamumtima.
Akandifunsa yabwino koposa ndi iti
ndimawauza za wadazi uja ndi tochi yake.
Akandifunsa yoipa koposa
ndimagwira thumba la ovolosi mmene muli foni
n'kuwatuma sipanala ya thetini.