Lita Imodzi ku Diepsloot

Juni wa ku Joni sagogoda.
Amalowera pabowo la msomali kudenga,
amakwawira kunsi kwa chitseko
n'kudzagona nawe m'bulangete
ngati lendi munasonkherana.

Ndadzuka folo koloko. Madzi m'ndowa amera khungu.
Ndaliboola ndi chala, ndasukusula,
ndatenga botolo langa kutsikira kwa Girma.

Mzere wafika kale pampope.
Amayi a ku Giyani, mnyamata wa ku Masvingo ndi chigubu chake,
ife a ku Ntcheu ndi Mangochi,
tonse tikufuka utsi mkamwa
wa fodya yemwe sitinagule.

Girma wasuzumira pazitsulo za windo:
Lita imodzi munthu mmodzi. Galimoto sinabwere.
Dzulo anatero. Dzana anatero.
Mtengo wokha ndiwo umafika tsiku lililonse,
suphulika tayala, sugona panjira.

Kuntchito, ku Fourways, simenti imatentha yokha.
Galu wa madamu amagona chagada pamatailosi
atavala juzi yofiira. Ndimachapa ndine, Lachitatu.
Magetsi akathima, jenereta imatsokomola kamodzi
n'kuyamba kung'ung'udza.
Chipinda chimenecho ndimakolopa mosafulumira,
nsapato nditavula,
kuba kutentha ndi mapazi.
Sindinafike nako kunyumba ndi tsiku limodzi lomwe.
Kumathera pamzere wa teksi.

Pabotolo ndinalemba mizere ndi utoto wa zikhadabo.
Wapamwamba ndi wa tiyi.
Wachiwiri, madzi osamba Ndaziona popita kusukulu.
Wa nyemba ndinafufuta:
nyemba zimamwa parafini kuposa chidakwa.
Wotsalawo ndi wa hita, ola limodzi,
kuti zala za mwana zigwire pensulo.

Chaka chatha Lingisoni wa kuseri kuno
anatopa ndi mizere, yonse iwiri,
wa kwa Girma ndi wa pabotolo.
Anakoleza malasha m'chitini choboolaboola,
anatseka ming'alu yonse ndi nyuzipepala,
anagona tulo tofunda koyamba m'mwezi umenewo.
Tinathyola chitseko masana.
Tinasonkha masabata atatu
kuti akawoloke pa Mwanza ali chigonere.
Ndalama imeneyo ikanafunditsa msewu wonse
mpaka Ogasiti.

Mawu amenewo ananena ndi Nasibeko,
mokweza, galimoto ya maliro isanakhote n'komwe.
Ena anati alibe ulemu.
Iye anakagula kope la mwana wa sukulu.

Malichi, thukuta likuyenderera m'khosi,
nyumba zisanu ndi zinayi tinayamba kuponya Loweruka lililonse.
Anthu ankatiseka: mukugula moto dzuwa likuswa mtengo?
Dilamu tinaliika m'kachipinda ka njerwa kwa Zefaniya,
kutali ndi machesi, kutali ndi ana.
Maloko awiri. Kiyi wina ali pakhosi pa Nasibeko,
wina ali kwa ine, m'sokosi.
Lamulo tinalemba patsamba loyamba:
silitsegulidwa Julayi asanakwane.

Lero ndi pa twente-sikisi.

Girma wandithirira yanga, wapendeketsa fanulo, wagwedeza,
watseka windo.
Mnyamata wa ku Masvingo wangoima,
chigubu chikumenya bondo lake.
Dzina lake sindilidziwa. M'kope mulibe.
Ndikudziwa chabe kuti kwawo kuli khanda,
limalira moyang'anana ndi khoma langa.

Ndamuthirira mzere wa tiyi.
Dzanja linanjenjemera, wapitanso theka la wosamba.
Ndaziona adzapukuta nkhope basi.

Usiku uno ana onse agona kwa Nasibeko,
khumi ndi mmodzi, mitu uku ndi uku ngati usipa,
hita imodzi pakati, wamkulu mmodzi ali maso.
Khanda lija tamuuza mayi wake abwere nalo.
Za dilamu tikangana mawa, ndikudziwa,
ndipo Nasibeko adzaloza tsamba loyamba.

Windo timalisiya lotsegula zala ziwiri.
Ana amadandaula kuti mphepo ikulowa.
Timati ilowe.
Mpata umenewo ndi wa Lingisoni.